Walira Mvula Walira Matope: Za Munthu ndi Nyumba Yake Yoyamba

Akuluakulu akale adati nyumba ya mwini saotchera mbewa. Ponena mawuwa ankatanthauza kuti munthu wokhala pakhomo pa wina alibe ufulu wonse, pakuti ngakhale utsi wa moto wake amaupempherera. N'chifukwa chake aliyense wokhala m'tauni amalota tsiku limene adzasiye kulipira lendi nadzagona m'nyumba yakeyake. Koma inu adzukulu, makolo omwewo adatinso walira mvula walira matope. Miyambi iwiriyi imayendera limodzi, ndipo wogwira umodzi nataya unzake amadzalira ali m'nyumba ya maloto ake.

Mu mzinda wa Lilongwe mudali bambo wina wogwira ntchito ya boma ku Capital Hill. Iye ndi mkazi wake, yemwe adali namwino, adakhala zaka zambiri m'nyumba ya lendi ku Kawale. Paipi ikaphulika ankangouza eninyumba. Denga likadontha ankasuntha bedi n'kudikira kuti mwini wake abwere ndi mmisiri. M'chaka cha 2021 adasonkhanitsa zonse zimene adasunga, natenganso ngongole kubanki, n'kugula nyumba yakale ku Area 12, imodzi mwa madera a mayadi aakulu oyandikana ndi City Centre.

Kuti mumvetse mtolo umene adasenza, muyenera kudziwa mbiri ya maderawa. Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968 kuti limange mzinda watsopano kumpoto kwa Old Town, ndipo Lilongwe idakhala likulu mu 1975. Mzindawu udagawidwa m'madera a manambala. Area 10, 11 ndi 12 adapatsidwa mayadi otakasuka okhala ndi mitengo, pomwe anthu wamba adakhala mothithikana ku Kawale, Biwi, Mchesi ndi Area 25. Motero nyumba zambiri za m'madera otakasukawo zakwanitsa zaka pafupifupi 50. Kunja zimaoneka zaulemu, koma mapaipi, mawaya ndi matabwa a kudenga ndi a nthawi ya agogo anu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwezi woyamba udali wa chikondwerero. Wachiwiri udabwera ndi makalata. Bamboyo adazindikira kuti mwini nyumba m'tauni ali ndi eninyumba ambiri kuposa wa lendi. Banki imafuna gawo lake mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi inshulansi ya nyumbayo. Khonsolo ya mzinda imafuna msonkho wa nyumba. Malo a boma amabwerekedwa kwa zaka zowerengeka, kawirikawiri 99, ndipo pamakhala lendi ya malo yolipira chaka ndi chaka. Madzi a Lilongwe Water Board, ochokera ku madamu a Kamuzu ku Malingunde, sasiyanitsa madzi akumwa ndi othirira kapinga, mita imangowerenga. Mayunitsi a ESCOM omwe ku Kawale ankatha mwezi wathunthu, kuno ankatha m'masiku ochepa chifukwa cha chotenthetsera madzi ndi nyali za kumpanda. Ndipo bwalo lalikulu limafuna wosesa, mpanda wautali umafuna mlonda.

Kenaka dzinja lidafika. Mvula yoyamba idaulula malata oboola pamwamba pa chipinda cha ana, ndipo kalipentala atakwera adapeza kuti chiswe chidadya kale mitanda iwiri. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo kuzimazima kwa magetsi kudakhala kwa miyezi yambiri, kotero kuti banjalo lidayambanso kugula makala pamwamba pa mayunitsi. Mu Meyi chaka chomwecho ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Simenti, penti, misomali ndi malata zidakwera mtengo m'masitolo a zomangira a ku Old Town. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo ngongole za m'mabanki zidatsatira. Malipiro a bamboyo adakwera ngati kamba, pomwe ngongole idathamanga ngati gwape.

Panalinso mtolo wina umene sulembedwa pa kalata iliyonse. Mbiri itafika kumudzi kuti mwana wathu wagula nyumba ya kumayadi, abale adayamba kubwera: wina kudzafuna ntchito, wina kudzaonana ndi madokotala ku Kamuzu Central Hospital, wina kudzangoona. Mlendo ndi mame, koma ena mwa mamewo sadakamuke ngakhale dzuwa lidakwera. Kukana mbale n'kosatheka kwa munthu woleredwa bwino, komabe thumba la ufa silidziwa chibale.

Usiku wina mkaziyo adati, "Bambo a ana, kodi nyumbayi tidaigula ife, kapena ndiyo idatigula?" Bamboyo sadayankhe, pakuti masana omwewo adalandira kalata yachiwiri yokumbutsa za ngongole, ndipo ankadziwa kuti nyumba ya chikole banki ili ndi mphamvu yoigulitsa.

Amene adawatsegula maso adali atsibweni ake a bamboyo, nkhalamba yochokera ku Malingunde, yomwe idabwera kudzaona maso kuchipatala. Itazungulira nyumbayo ndi ndodo yake idati, "Mphwanga, iwe ukuyesa kuti nyumba imamangidwa kamodzi. Kwathu nyumba imamangidwa chaka chilichonse. Kodi udaiwala?"

Mawuwa ndi oona, adzukulu. Pa mwambo wa chikamwini mnyamata ankamanga nyumba kwa mkazi wake, koma akuchikazi sankamuyesa pa tsiku lomaliza kumanga. Ankamuyang'ana m'chilimwe chotsatira: kodi wamweta udzu nthawi yake, moto wolusa usanathe tchire? Kodi wasenda luzi, wasintha phaso lofumbwa, wafolera denga mvula isanagwe? Naye mkazi ankazira pansi ndi kumata ming'alu ya m'zipupa ndi dothi. Palibe ankadikira kuti denga ligwe. Ndipo pokweza denga pa nyumba kapena pa nkhokwe ankaitana amuna anzake, nawaphikira thobwa, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Kusamala nyumba kudali ndi nyengo yake monga kulima.

Banjalo lidatenga nzeru ya kumudzi n'kuiveka zovala za m'tauni. Lidagula kope lolembamo zonse zotuluka, ndipo lidapatula kandalama mwezi uliwonse kotchedwa ka denga, kosakhudzidwa ngakhale pa ukwati wa mbale. Lidaika mwezi wa Seputembala kukhala woyendera malata, kuyeretsa ngalande ndi kuthira mankhwala a chiswe, mvula ya Novembala isanafike. Theka la kapinga lidasanduka dimba la mpiru, tomato ndi chimanga. Kanyumba ka antchito ka kuseri adakakonza n'kuikamo wa lendi, ndipo ndalama yake inkapita molunjika kubanki. Bamboyo adavula manyazi napita kukakambirana ndi a banki za kalipiridwe, pokumbukira kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Abale adauzidwa mwaulemu kuti khomo n'lotsegula, koma wokhalitsa agwire khasu kudimba. Galimoto yachiwiri idagulitsidwa, ndipo khitchini yatsopano imene mayiyo ankailakalaka ikudikirabe.

Ngongole sidathe, ndipo chiswe sichidasainire mtendere ndi munthu aliyense. Koma nyumbayo ili m'manja mwawo, ndipo chaka chilichonse chimene chikupita gawo la banki likuchepa.

Tsono inu adzukulu amene mukulota makiyi anuanu, musaleke kulota, pakuti kukhala ndi pogona pako ndi ulemu waukulu ndiponso cholowa cha ana. Koma musanasaine, kwerani kudenga ndi mmisiri wodalirika. Funsani kukhonsolo ndi ku ofesi ya malo ngati nyumbayo ilibe ngongole zakale. Funsani a banki zimene zidzachitike chiwongoladzanja chikakwera. Werengani mtengo wa mlonda, madzi, magetsi ndi alendo, osati wa zipupa zokha. Safunsa adadya phula. Ndipo ngati thumba likuloza ku Area 25 pomwe mtima ukuloza ku Area 10, mverani thumba. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.