Kutalika kwa Njira ya ku Joni

Agogo athu ali mnyamata anachoka kuno ku Mulanje pansi, nayenda masabata ambiri kudzera ku Tete, kukafuna nchito ku Salisbury, kumene lero titi Harare. Atate athu anapita ndi Wenela: ndege inawanyamula pa Chileka niwatula ku Francistown, ndipo anatsiriza ulendo pa njanje kufikira ku Johannesburg. Njira imeneyo inatsekedwa m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown niipha amuna a kwathu 74. Chotero ife tinakula tikudziwa kuti ku Joni nkutali.

M'dzinja la 2024 amai anadwala kolimba. Ndinatumiza mau kwa mphwanga, amene anakhala ku Joni zaka 6 osaponda pakhomo, ndi kuti, "Ukafuna kuwapeza ali moyo, usakwere basi." Pakuti basi idzera pa Beitbridge, pa Harare, pa Nyamapanda, niwoloka Zambezi pa Tete, nilowa pa Mwanza, pamodzi ndi kuchedwa kwa m'malire, masiku awiri atha. Iye anakongola ndarama kwa anzake nakwera ndege.

Tamvani tsono, abale. Kuchokera pa bwalo la O. R. Tambo kufikira pa Chileka pali makilomita ngati 1,350, ndipo ndege iwatha m'maora awiri ndi mphindi pang'ono. Mai akatereka nyemba zouma pa moto pakunyamuka ndegeyo, idzatera zisanafewe bwino. Koma kuchokera pa Chileka kufika pa mudzi pathu sipaposa makilomita 100 kwambiri, ndipo pamenepo mphwanga anatayapo maora asanu: kudikira minibasi idzaze pa Limbe, kuima pa Thyolo ndi pa Luchenza, ndi kutsika pa Chitakale mvula ilikugwa, wa njinga nakana matope. Anafika usiku, nsapato zili m'manja. Amai anamzindikira, namfunsa ngati wadya.

Ndibvomere kuti mtima wanga unali ndi mlandu naye. M'mawa mwake ndinati, "Iwe, ngati ulendo uli wa maora awiri, zaka 6 unalikuchitanji?" Sanayankhe, koma anaturutsa pasipoti yake nandionetsa chidindo. Masiku amene anamlola kukhala m'dzikomo anatha kale lomwe. Ndipo lamulo la ku South Africa, chiyambire 2014, liti wopitiriza masiku oposa 30 akaturuka asabwerenso kufikira zaka 5. Iye anadziwa ichi asanagule tikiti. Ine ndinawerenga makilomita ndi maora, koma ichi sindinachiwerenge, ndipo ndinachita manyazi.

Amai anakhala nafe masiku 9, natisiya. Mphwanga alikulima munda wao tsopano, chimanga ndi nandolo. Mkazi wake ndi kamwana kao kakakazi anatsala ku Joni. Kamwanako kadzakhala ka zaka 8 pamene atate wake adzaloledwa kukakaona.