Kuchezera abale ku Scotland mutanyamula nyumba yanu

Inu a pabanja amene muli ku Britain, kaya pa sukulu kaya pa ntchito, mukudziwa kuti tchuthi chimakhala chachifupi pamene abale ofuna kukuonani ndi ambiri. Alamu ali ku Glasgow, azakhali ali kwina, ana nawo akudandaula kuti tchuthi chilichonse chimathera pa mpando m'nyumba za eni. Lero tikambirane za ulendo umene anthu a kumeneko amaukonda: kubwereka motorhome, galimoto yokhala ndi mabedi, khitchini ndi chimbudzi, n'kumayenda nayo kwa abale ndi kumapiri.

Ubwino wake ngwoonekeratu. Nyumba zambiri za m'tauni ku Britain n'zazing'ono, ndipo banja la anthu anayi likafika, eni nyumba amasamukira pabalaza. Mukabwera ndi pogona panu, mwawapeputsira mtolo. Koma chenjerani apa. Kwa ife, mlendo kukana mphasa ndi nkhani yaikulu. Musangotulukira madzulo n'kunena kuti "ife tigona m'galimoto", apongozi adzayesa kuti mwanyoza nyumba yawo. Imbani foni kukadali sabata, fotokozani bwinobwino, ndipo nsima ya madzulo mukadyere limodzi m'nyumba. Ana akafuna kugona ndi asuweni awo, alekeni. Funsaninso ngati pali poimika, chifukwa misewu ya m'makomo imadzaza, ndiponso kuyambira mu June 2023 pakati pa mzinda wa Glasgow salola galimoto zakale zotulutsa utsi wambiri.

Musanalipire, onani zinthu ziwiri. Choyamba ndi laisensi. Ya galimoto wamba ya ku Britain imakulolani kuyendetsa yosapitirira makilogalamu 3,500 mutapakira zonse, anthu ndi madzi omwe. Ngati mukadali ndi laisensi ya kwathu, imagwira ntchito miyezi 12 yokha chifikireni, ndipo obwereketsa amakhala ndi malamulo awonso. Chachiwiri, werengani mipando yokhala ndi malamba, osati mabedi. Galimoto ina imagoneka anthu ambiri koma malamba ndi ochepa. Mwana amene sanakwanitse zaka 12 ndipo sanafike masentimita 135 ayenera kukhala pa mpando wake wa ana. Kumugoneka pabedi galimoto ikuyenda ayi ndithu.

Tsiku loyamba musathamangire kumapiri. Pafupi ndi Glasgow, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, pali tauni ya Blantyre, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Nyumba imene anabadwiramo ndi malo osungirako mbiri, ndipo anaitsegulanso mu 2021 ataikonza. Amishoni a ku Scotland ndiwo anatcha Blantyre wa ku Malawi dzina limeneli mu 1876. Mwana wobadwira kunja, amene Ndirande amangoimva m'nkhani za makolo, pamenepo adzakhala ndi mafunso. Tengani alamu ndi ana awo, mukayankhe limodzi.

Kuchoka apo lowerani ku Loch Lomond, nyanja ya madzi ozizira imene ili pafupifupi ola limodzi kumpoto kwa Glasgow. Kum'mawa kwake kuli mudzi wa Balmaha, ndipo kumbuyo kwa mudziwo kuli Conic Hill, kaphiri ka mamita 361. Aka ndiko koyambira ndi ana. Maola awiri kapena atatu mwakwera n'kutsika, ndipo muli pamwamba mumaona zilumba zitandanda pamzere umodzi kudutsa nyanja. Mzerewo ukutsata mng'alu wakalekale wa pansi pa nthaka umene umalekanitsa dziko la zigwa ndi dziko la mapiri la Highlands.

Kuti mupitirire kumpoto mubwerere kumwera kwa nyanja, ku Balloch, mukalowe msewu wa A82 wodutsa kumadzulo. Kupitirira Tarbet msewuwu umapapatiza, mwala uku madzi uku, ndiye woyendetsa adekhe ndipo mnzake asamuyankhulitse. Ukakwera umakutulutsani pa Rannoch Moor, dambo lalikulu lopanda midzi, kenaka umatsikira m'chigwa cha Glen Coe pakati pa mapiri akuda otsetsereka mathithi. Mukaona galimoto zaunjikana kumbuyo kwanu, patukani pamalo oyenera zidutse. Eni dera ali pa ntchito, inu ndinu muli pa tchuthi.

Ku Fort William kuli Ben Nevis, phiri lalitali kuposa onse ku Britain, mamita 1,345. Apa ndi pamene abambo amanyengeka. Amati, "Sapitwa wa ku Mulanje ndi mamita 3,002, aka n'kachulu." Eetu, koma Ben Nevis mumamuyamba pafupifupi pa mulingo wa nyanja yaikulu, kupita ndi kubwera ndi makilomita pafupifupi 17, ndipo ambiri zimawatengera maola 7 mpaka 9. Pansi pangawale dzuwa pamwamba pali nkhungu, mphepo ndi chisanu choluma. Si phiri lokokerako mwana wa zaka zisanu kapena mayi woyamwitsa. Ngati mmodzi akufunitsitsa, apite ndi mnzake wodziwa njira, atavala nsapato za m'phiri ndi jekete ya mvula, atanyamula mapu, tochi ndi chakudya, atanenanso nthawi yobwerera. Zikavuta, imbani 999, pemphani apolisi, kenaka opulumutsa anthu m'mapiri. Otsala angayende pang'onopang'ono m'chigwa cha Glen Nevis. Koma bambo, mawa lake ana ndi anu, mayi nawo apume.

Za pogona musamve zam'maluwa. Lamulo la mu 2003 limapatsa anthu ufulu woyenda pansi ndi kumanga tenti m'malo ambiri a ku Scotland, koma ufuluwo sukhudza galimoto. M'madera ena a Loch Lomond, kuyambira March mpaka September pamafunika chilolezo chogona. Sungitsiranitu malo pa makampu olipira, kumene kuli magetsi, madzi ndi potayira za m'chimbudzi. Zimenezo sizitayidwa m'tchire kapena mumtsinje. Mwezi wa June dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, koma ndi nyengonso ya timbalambudzi ta kumeneko, tizilombo tating'onoting'ono toluma m'chigulu madzulo kukakhala bata. Gulani mankhwala odzola ndipo mutseke mawindo opanda sefa.

Chotsiriza ndi inu awiri. M'kanyumba kotero mulibe kothawira mukayambana, ndipo ana amamva zonse. Khalani pansi musananyamuke: ndalama yobwerekera, ya dizilo, ya makampu ndi ya chikole ichokera kuti? Masiku angati kwa abale a bambo, angati kwa abale a mayi? Mbali imodzi ikapatsidwa masiku atatu, ina n'kungoiimira pakhomo ola limodzi, nkhaniyo idzafika mpaka kumudzi inu musanabweze makiyi. Pa sabata imodzi, masiku awiri kwa abale poyamba, atatu kumapiri, awiri kwa abale a mbali inayo pobwerera, zimakwana bwino. Musaiwale kathumba ka ufa ndi usipa ngati mwaupeza. Pofika pakhomo la azakhali musalowe chimanjamanja.