Thumba limodzi pa matumba 20

Amayi anzanga, abambo ndi agogo nonse, lero sindikamba za katemera kapena phala la mwana. Ndikamba za ndalama. Musadabwe kuti namwino wayamba liti kusuzumira m'matumba mwa anthu. Ntchito ya m'wodi yandionetsa kuti matenda ambiri amakulira pakhomo, wodwala akudikira kuti ya thiransipoti ipezeke.

Zinatigwera ife tomwe. Usiku wina mu February, mchimwene wanga anaimba foni kuchokera kumudzi. Amayi pakamwa panali patapotoka, dzanja lamanja silimagwira, mawu samamveka. Ndinadziwa kuti ndi sitiroko, ndipo ndinati athamange nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Iye anangoti, "Achemwali, tithamanga ndi chiyani?"

February mukumudziwa. Nkhokwe ili mbee, ndalama inathera ku feteleza, ine malipiro anali asanalowe. Mwini galimoto anafuna ya mafuta kaye. Mbuzi yabere inapita pa theka la mtengo wake, yotsalayo tinakatenga katapila. Anafika kuchipatala dzuwa litakwera. Amayi ali moyo, koma khasu anasiya, amayenda ndi ndodo. Sindinganene kuti akanafika msanga akanachiriratu. Chomwe chimandipweteka n'chakuti maola onse aja tinawataya chifukwa cha ndalama imene tikanaisunga mu May osamva n'kuwawa komwe.

Amayi alima zaka zoposa 40. Anatiphunzitsa ndi mtedza ndi chimanga, koma tsiku limene thupi linakana analibe kanthu kawokawo. Ankakonda kunena kuti penshoni yawo ndi ana. Anafe tilipo, timawakonda, koma nafenso tili ndi fizi, lendi ndi odwala athu. Mankhwala a BP ndi omwa tsiku lililonse, ndipo akasowa kuchipatala timagula kufamase.

Nditayamba ntchito ndinkadandaula ndikaona pepala la malipiro. Msonkho wa PAYE wapita ku MRA, penshoni adula, yotsala n'kachepa. Lamulo la penshoni limene linabwera mu 2011 linati wantchito azidulidwa K5 pa K100 iliyonse, womulemba ntchito aziwonjezerapo K10. Ndinkaona ngati akundilanda. Amayi atadwala m'pamene ndinazindikira kuti K5 ija ndi ine ndemwe ndikutumizira nkhalamba imene ndidzakhale.

Mlimi, wogulitsa mandasi, wa kabaza, palibe amene amamudula. Komatu msonkho nonse mumalipira. Mukagula shuga kapena mayunitsi a foni, msonkho uli kale mu mtengomo. Tikiti ya pamsika simuithawa. Ngati boma ndi khonsolo amatenga gawo lawo tsiku ndi tsiku inu n'kukhalabe ndi moyo, bwanji inuyo osadzidula gawo la mawa lanu?

K5 pa K100 ndi thumba limodzi pa matumba 20. Amene mwakolola matumba 10, ndi theka la thumba. Wa geni amene wapindula K2,000 lero, ndi K100. Patulani tsiku lokolola lomwelo, mavenda asanafike ndi sikelo zawo, alendo asanayambe kubwera. Mukati mudzasunga zotsala, dziwani kuti sizitsala.

Chimene mwapatulacho chigaweni pawiri.

Gawo loyamba ndi la mwadzidzidzi. Iyi ikhale ndalama yoti mutha kuigwira pakati pa usiku, ya mu Airtel Money kapena Mpamba, yokwana kubwereka galimoto kapena njinga yamoto kukafika kuchipatala ndi kudya kwa wodikirira odwala masiku angapo. Chipatala cha boma n'chaulere, koma msewu wopita kumeneko si waulere, ndipo ngati chapafupi ndi cha mishoni pamakhala kulipira. Amayi oyembekezera, yambani kusunga mwezi umene mwayamba sikelo: zitenje, beseni, thiransipoti ndi kamba wa kuchidikiro. Ndalamayi isakhale ya maliro a kwa aneba kapena ya Khirisimasi. Bambo ndi mayi nonse mudziwe pamene ili, chifukwa wodwalayo akhoza kukhala yemwe akudziwa nambala yachinsinsi.

Gawo lachiwiri ndi la ukalamba. Ili musalikwirire mu mpango. Mu November 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anasunga pansi pa mphasa anaona okha zimene ndalama yawo inagula pambuyo pake. Isandutseni chinthu chobereka: nkhuku zikhale mbuzi, mbuzi ziswane. Bzalani mitengo ya zipatso ndi ya milimo m'malire a munda, idzakudyetsani msana ukadzakana. Amene muli pafupi ndi SACCO, kafunseni za masheya. Ku banki m'khonde pitani kukasunga, osati kukangokongola. Tsiku logawana, chotsani kaye gawo la ukalamba musanalowe mumsika. Ngongole yotenga ku gulu ili kuti mubweze ku gulu lija ndi imene ikubweretsa amayi ambiri kwa ife mutu ukuwawa, tulo tasowa, BP ili m'mwamba.

Ndikudziwa ena mukuti, "Anesi, chakudya chenichenicho sichikukwana, tisunga chiyani?" Zoona, pali zaka zimene munda umakana, ndipo mwana sagona ndi njala chifukwa cha penshoni. Chaka chotero dyani. Koma chaka chimene mvula yagwa bwino, musaiwale. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Kwathu tinayamba mochedwa, koma tinayamba. Mchimwene wanga amapatula thumba lake akangokolola, ine ndimaika kangachepe mu foni ina malipiro akalowa. Katapila uja tinamaliza kubweza patatha miyezi isanu, ndalama yake itaposa kawiri imene tinatenga. Sitikufuna kubwererakonso.

Sabata ino khalani pansi ndi a kunyumba kwanu, muwerenge kuti galimoto yochokera pakhomo panu kukafika kuchipatala usiku ingadye zingati. Nambala imeneyo ndiye poyambira panu. Ndipo mukapita kumsika, dzerani kuchipatala akuyezeni BP. Kuyezako n'kwaulere.