Tsamba Lopanda Mulu

Uthenga wake unandipeza usiku, ndili mkati mochonga mayeso a ophunzira anga. Unachokera kwa mwana wa mlongo wanga, msungwana wa zaka 24 amene amakhala pa famu ina kufupi ndi Banket, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe. "Amalume," analemba motero, "ndinapeza basa la Chichewa pa intaneti koma andikana. Akuti Chichewa changa sichili bwino. Mundionereko pamene ndalakwa." Pansi pa mawuwa panali ziganizo makumi awiri zimene anamasulira kuchokera m'Chingerezi monga mayeso olowera ntchitoyo.

Ndinasindikiza ziganizozo papepala n'kutenga cholembera chofiira monga mwa chizolowezi changa. Pamene iye analemba kuti basa ndinalembapo ntchito, pamene analemba kuti mari ndinalembapo ndalama, ndipo chikoro ndinachisandutsa sukulu. Pofika pa chiganizo chomaliza pepala lonse linali psuu ngati pophera nkhuku. Ndinalijambula n'kumutumizira, ndipo ndinagona mtima uli m'malo poganiza kuti ndakwaniritsa udindo wa mwini mbumba. M'mawa mwake ndinapeza yankho la mawu awiri okha: "Zikomo, amalume." Kuchokera pamenepo anakhala chete miyezi itatu.

Kuti nkhaniyi imveke ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Bambo athu anachoka ku Dedza m'chaka cha 1957 atalembedwa ndi Mthandizi, bungwe limene boma la Southern Rhodesia linakhazikitsa mu 1946 kuti lizisonkhanitsa antchito ochokera kunja, makamaka okalima m'mafamu. Ine ndi mlongo wanga tinabadwira mu komboni ya famu ya fodya. Ndili ndi zaka khumi, bambo ananditumiza kwa abale awo ku Malawi kuti ndikaphunzire, pakuti sukulu ya pafamu inali yongophunzitsa mwana kuwerenga manambala a pa matumba. Mlongo wanga, amene anali wamkulu, anatsala. Anakwatiwa komweko, nakhala mmodzi mwa amene kwathu timawatcha matchona, pamene eni dziko amawatcha Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale ambiri mwa iwo Blantyre sanamuonepo.

Pamene ntchito yolanda ndi kugawa mafamu a azungu inayamba mu 2000, m'mafamumo munali antchito oposa 300,000, ndipo gawo lalikulu ndithu linali la ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ochepa okha ndiwo analandira minda. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, moti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo ake anayenera kukana unzika winawo pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Anthu a m'makomboni, amene ambiri analibe ngakhale chikalata cha kubadwa, anadzuka ali alendo m'dziko limene anakwiriramo mchombo. Malamulo atsopano oyendetsera dziko a mu 2013 anabweza unzika kwa obadwira m'Zimbabwe mwa makolo ochokera m'mayiko a SADC, ndipo pa ndime 6 anatchula zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Chichewa ndicho chili poyamba pa mndandandawo. Komatu lamulo lili ku Harare, pamene komboni ili kumapeto kwa msewu wafumbi. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti losonyeza kuti anthu ambirimbiri otere anali adakali opanda zitupa.

Msungwana wathuyu anachita mwayi, chitupa anachipeza. Anakhoza Fomu 4 pa imodzi mwa sukulu zimene zinatsegulidwa m'nyumba zakale za m'mafamu itatha 2000. Kulemba mapulogalamu a kompyuta anadziphunzitsa yekha, kuyambira pa foni, kenaka pa laputopu yakale imene anagula atagwira ganyu yosankha fodya kwa nyengo ziwiri. Anasankha chilankhulo cha Python, chimene akatswiri a ku Zimbabwe anachichitira msonkhano wawo woyamba ku Harare mu 2016. Achinyamata odziwa lusoli amadziwana ndipo amauzana za mipata ya ntchito, choncho nkhani zotere zimamufika pafupifupi sabata iliyonse. Vuto lili pa zimene olemba ntchito amafuna: digiri, zaka zitatu uli pantchito ngati yomweyo, ndiponso kukhala ku Harare. Ntchito zapakhomo zochokera kunja nazo zimafuna magetsi osazimazima, intaneti yodalirika ndi njira yolandirira ndalama kuchokera kutsidya la nyanja. Mwa zonsezi iye anali ndi luso lokha.

N'chifukwa chake ntchito ya Chichewa ija inali ngati mvula yoyamba kwa iye. Kampani ina yakunja inkafuna anthu olankhula Chichewa kuti azikonza ziganizo zophunzitsira makina omasulira. Chilankhulo chimene anzake kusukulu ankamuseka nacho, chimene iye ankachibisa akakwera basi ya ku Chinhoyi, chinapezeka kuti chili ndi mtengo wake. Anayesa, anamukana, ndipo malume ake amene anaphunzira za zilankhulo mpaka kumapeto anasainira kukanidwako ndi inki yofiira.

Mu Juni 2025 ndinapita kukaona mlongo wanga. Inali nyengo yozizira, fodya akupitabe ku okushoni. Famu ija inagawidwa kalekale, ndipo mabalani ena anagwa, ena akugwirabe ntchito m'manja mwa alimi atsopano. Tsiku lachiwiri madzulo ndinafunsa kumene msungwana anali. "Ali ku shedi, akuphunzitsa," anatero mlongo wanga. "Pitani mukaone, achimwene, mwina mungatoleko kanthu."

Inali shedi yomwe ija mmene mayi athu anathera zaka zawo akusankha fodya. Pakona panali batire yolumikizidwa ku sola, patebulo pali laputopu imodzi, ndipo pabenchi panali ana asanu ndi awiri. Aliyense amalipira dola imodzi pa phunziro, koma ena amabwera ndi tomato kapena mbale ya ufa. Maphunziro apadera olipira ndi ofala kwambiri ku Zimbabwe, moti boma lakhala likuletsa aphunzitsi ake kulipiritsa ana mwa njira imeneyi. Awa anali amtundu wina, pakuti ankapereka chimene sukulu yapafupi, yopanda magetsi, sikanatha kupereka ngakhale kuti silabasi ya mu 2017 inaika maphunziro a kompyuta patsogolo. Mmodzi mwa anawo anali mwana wa mlimi amene analandira gawo la famuyo. Anakhala pabenchi limodzi ndi ana a antchito a bambo ake, akuphunzira kwa mdzukulu wa mtchona.

Laputopu inali yotseka. Msungwanayo anakhuthula mulu wa masamba a fodya patebulo n'kufunsa anawo mmene amayi awo amasankhira. Onse ankadziwa, poti anakulira m'fungo lake. Amayamba aona pamene tsamba linamera, kaya m'munsi mwa mtengo, pakati kapena kunsonga. Kenaka amaona mtundu, ngati lili lachikasu chowala, lofiirira kapena loderako. Akatero amaona kutalika kwake ndi mawanga. Iye analemba zonsezi pa chitsulo chakale ndi khala: ngati tsamba lili lachikasu ndipo lilibe mawanga, liike uku, apo ayi, liike uko, bwereza mpaka mulu uthe. Atatero m'pamene anatsegula laputopu n'kuwaonetsa kuti mawu a if, else ndi while akunena zomwezo. Ndinaima pakhomo ndili kukamwa yasa. Mayi anga, amene sanadziwe kulemba dzina lawo, anakhala akuyendetsa pulogalamu imeneyi ndi zala kwa zaka makumi atatu.

Kamnyamata kena kanatola tsamba lachilendo, theka lachikasu theka lobiriwira, n'kufunsa kuti nanga ili lipite kuti poti silikulowa mulu uliwonse. "Tsambalo lilibe mlandu," anayankha mphunzitsi wawo. "Pulogalamu yako ndiyo yaperewera. Bwerera ukawonjezere mulu wina." Sanandiyang'ane ponena mawuwa, ndipo sindikhulupirira kuti ankanena ine. Komabe ndinamva nkhope kutentha.

Usiku umenewo ndinatulutsa pepala lija m'chikwama n'kuliwerenganso, tsopano ndi maso a ntchito yanga. Iye analemba kuti basa langa, pamene Mshona akanati basa rangu. Analemba kuti mari yanga, chikoro chathu. Mayina anali obwereka, koma agwirizanitsi onse anali a Chichewa, osaphonya ndi mmodzi yemwe. Nthawi za aneni zinali m'malo mwake. Ziganizo zake zinali ndi msana wa Chichewa cha ku Dedza, chimene chinakhala zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri pakati pa Chishona osasweka. Chaka chilichonse ndimauza ophunzira anga kuti nsapato, kalata ndi kapitawo tinabwereka kwa Apwitikizi, kuti buku ndi sukulu tinatenga kwa Angerezi, ndiponso kuti chilankhulo chosabwereka ndi chakufa. Zimenezi ndinaziiwala pamene wobwerekayo anali mwana wa mu komboni.

Sindikunyoza Chichewa cha m'mabuku ayi. Chichewa Board imene inakhazikitsidwa mu 1972, ndi Centre for Language Studies imene inalowa m'malo mwake mu 1996, zinatipatsa kalembedwe kamodzi kamene kamatheketsa mwana wa ku Nsanje kuwerenga buku limodzi ndi wa ku Kasungu. Kampani ija nayo inali ndi ufulu wofuna Chichewa chimenecho. Kulakwa kwanga kunali kosamuuza msungwanayo zinthu ziwiri pamodzi: kuti kalembedwe ka ku Malawi angakaphunzire m'miyezi yochepa ngati akufuna ntchito yotere, komanso kuti chimene ali nacho kale si cholakwika. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, koma makina otere amadziwa zimene anadyetsedwa basi. Chichewa cha ku Banket, Trelawney, Raffingora ndi Mvurwi, chimene chimaimbidwa pabwalo Gule Wamkulu akatuluka m'makomboni, sichinalembedwe kwenikweni, ndipo chikupita m'manda limodzi ndi nkhalamba zake.

Palinso china chimene chinandiluma. Nditamufunsa mmene ntchito ija ikanalipirira, anati ndi pa chiganizo chilichonse chimene wakonza, ndipo chokanidwa sichiwerengedwa. Mlongo wanga, amene ankamvetsera akupala moto, anaseka nati, "Si mugwazo umenewo?" Ankanena ndime yoyezeredwa ya m'mafamu, imene munthu akalephera kuimaliza tsiku lake silinkalembedwa pa tikiti. Bambo athu anakwera lole kutsata lonjezo la ntchito yakutali. Mdzukulu wawo lonjezo lotero limamupeza pafoni, kapitawo wake osaoneka nkhope. Sindinganene kuti asayesenso, pakuti dola ndi dola ndipo batire ija ikufuna ina. Koma akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ana asanu ndi awiri aja ali pamphuno. Awiri mwa iwo akuthandiza kale alimi oyandikana nawo kusunga kaundula wa mabelo ndi malipiro a antchito, ndipo alimiwo amawalipira.

Ndisananyamuke ndinamupepesa. Kwathu malume sapepesa mwana wa mlongo wake kawirikawiri, choncho tonse awiri tinayang'ana pansi. Tinagwirizana kuti ine ndizimutumizira malamulo a kalembedwe ka Chichewa ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ndipo iye ayambe kujambula mawu a nkhalamba za mu komboni zimene zingavomere, n'kulemba kapulogalamu kosanja mawuwo monga mmene anenedwera, popanda kuwakonza. Woyamba kujambulidwa anali mayi ake, amene analankhula ola lathunthu za chaka chimene matalala anawononga fodya yense.

Tsiku lomaliza ndinabwereranso ku shedi n'kukhala kumapeto kwa benchi. Phunziro litatha ndinatulutsa dola yanga monga anzanga onse. Anaiyang'ana kanthawi, kenaka anailandira ndi manja awiri. "Mwachedwa kuyamba, amalume," anatero, "koma mukamabwera osajomba mudzawapeza anzanuwa."