Kamba wa paulendo ndi zakudya za m'njira

M'zaka za m'ma 1980, kwathu ku Dedza ulendo unkayambira pamoto. Munthu akati mawa alawirira ku Blantyre, madzulo ake nkhuku inkafa. Amayi ankaiphika n'kuiumitsa pamakala kuti isasase m'njira, ankaotcha mbatata, kukazinga mtedza, ndipo nthochi zikakhalapo ankaphikanso chikondamoyo. Zonsezi ankaziika m'mbale ziwiri zovundikirana n'kumanga pampango. Ameneyu ndiye anali kamba, ndipo wopita kutali chimanjamanja ankaoneka wopanda abale.

Zifukwa zake zinalipo. Ndalama inali yosowa, basi ya UTM yodzera ku Liwonde ndi Zomba inkatha tsiku lathunthu, ndipo ikafera pa Bawi munkagona pomwepo. Koma chachikulu chinali mantha. Agogo ankatilangiza kuti chakudya cha munthu wosamudziwa sadya, chifukwa sudziwa chimene wathiramo. Lesitilanti inali ya madalaivala a malole ndi amuna osakwatira. Mayi akapezeka atakhala yekha m'menemo akudya nsima yogula, mbiri yake inkafika kumudzi iye asanafike. Zogula za pawindo la basi zinali zosaphika: kachewere ndi kabichi pa Lizulu, chambo pa Liwonde. Zimenezo sizinali zodya iwe, zinali zokapereka kwa eni nyumba kumene ukupita.

Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo oopa chakudya cha mlendo sankadya kamba okha. Ukamasula mpango unkatembenukira woyandikana naye n'kunena kuti, "Tiyeni tidye, achimwene." Iye ankayamba wakana, iwe n'kuumirira, kenako ankanyema ntchafu n'kutulutsanso zake. Utaka wouma ndinaulawa koyamba mwa njira imeneyi, kwa mayi wina wa ku Mangochi amene anandinyemera ndi chinangwa chophika, amayi anga atandilola ndi maso. Mwina nzeru yake inali yakuti chimene mwini wake akudya nawe sichingakhale ndi choipa.

Zinthu zinatembenuka 1994 itadutsa. Maminibasi anadzaza m'misewu, mavenda anachuluka, ndipo amayi a geni anayamba kuyenda mlungu ndi mlungu kukapikula katundu. Munthu woyenda chotero sangaphe nkhuku ulendo uliwonse. Apa mpamene chiwaya chinalowa ufumu. Kachewere yemwe uja wa ku Dedza ndi Ntcheu, amene kale tinkangomunyamula m'thumba, anayamba kukazingidwa pa siteji iliyonse. Umaima pambali pa chiwaya, wogulitsa n'kukukankhira tchipisi chako kumphepete, iwe n'kuwaza mchere, kabichi ndi tsabola wa kambuzi. Pambali pake pakabwera zigege, kanyenya ndi mang'ina, ndipo m'matauni munabuka malo a pamemo, kumene nsima yotentha imapezeka pamtengo woti kalaliki ndi wokankha wilibala onse akwanitse. Ine kusinthaku ndimakuyamikira, makamaka chifukwa cha amayi. Lero mayi amatsika basi, kuitanitsa nsima ya nyemba, kudya, kulipira ndi ndalama yake, osayang'ana uku ndi uku.

Mantha atatha, pakamwa panatseguka. Chimene chinandigwedeza kwambiri sichinali chakudya cha kunja koma cha Amalawi anzanga. Kondowole ndinamudya ndili kale bambo wa ana, ku Nkhata Bay. Kwathu tinkamunyoza tisanamuone n'komwe, ati nsima yonunkha. Nditaona ntchito yake ndinasiya kulankhula: chinangwa amachiviika m'madzi masiku angapo kuti ululu uchoke, amachiyanika, kuchisinja, ndipo pophika pake pamafunika mkono wamphamvu chifukwa ufa wake umamata. Sumatema mbamu yaikulu ngati ya chimanga. Umatsina pang'ono, kusunsa mu msuzi wa usipa wauwisi kapena batala, n'kumeza osatafuna kwambiri. Ku Karonga ndinapeza mbalagha, nthochi zosapsa zophikira pamodzi ndi nyama ya ng'ombe, komanso mpunga wa Kilombero umene fungo lake limakupeza uli panja. Zimandiwawa kuti kusukulu tinaloweza mitsinje ndi mapiri a kumpoto, koma panalibe anatiuza chimene anthu a kumeneko amadya madzulo. Anthu ambiri a ku Lilongwe lero anadyapo pizza koma sanalawepo mbalagha.

Kunja kwa malire ndinapitako mochedwa, potsatira geni. Ukawoloka pa Songwe n'kufika ku Kyela, tchipisi chomwe chija amachikazinga pamodzi ndi mazira n'kuchitcha chipsi mayai. Ku Kariakoo mu Dar es Salaam kuli pilau, mpunga wophikira mu mkaka wa kokonati, ndi tiyi wothira jinja amene amakutenthetsa mpaka m'chifuwa. Njira ya ku Johannesburg ili ndi zake. Ukadutsa Mwanza ndi Zóbuè, ku Tete amagulitsa buledi wa pão wouma kunja koma wofewa m'kati, ndi nkhuku yootcha ya piripiri. Kupyola Nyamapanda nsima imasanduka sadza, kuwoloka Beitbridge imakhala pap, ndipo aliyense m'basimo amakhala ndi maganizo ake pa nkhani ya ufa wa eni dziko. Koma yang'anani zimene zili m'zikwama pansi pa basiyo: ufa woyera, usipa, mpunga wa Kilombero, mabotolo a Nali. Akupita nazo kwa ana ndi amuna awo amene akugwira ntchito kumeneko, amene mashopu awazungulira mbali zonse koma mtima uli pa ndiwo za kwawo.

Zakudya za kunja nazo zinatilondola. Amwenye akhala ku Limbe kuyambira kalekale, ndipo samusa wawo anatuluka m'nyumba zawo mpaka kufika m'mabeseni a ana ogulitsa pa depoti. Malo odyera a Matchaina anachuluka dziko lathu litapalana ubwenzi ndi China, zimene zinalengezedwa mu 2008. Koma kumene ndinadya bwino koposa ndi ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa wa othawa kwawo umene unatsegulidwa mu 1994. Kumeneko kuli chapati chotentha cha anthu a ku Congo, Burundi ndi Rwanda, komanso injera ya Aitiyopiya, chikate chachikulu chopyapyala, chowawasa pang'ono, chimene amathirapo ndiwo pamwamba anthu n'kuzungulira mbale imodzi, kudya ndi manja monga tinkachitira pamphasa. Anthu amene anathawa nkhondo opanda kanthu anabwera ndi luso lawo la kuphika, ndipo ife a pafupi tapindula nalo.

Pali chimene chikundidetsa nkhawa. Msewu wonse wayamba kukoma mofanana. Kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ukafunsa kuti muli ndi chiyani, yankho ndi tchipisi ndi nkhuku, ndipo nkhuku yake ndi yoyera ija ya masabata asanu ndi limodzi, yokazingidwa m'mafuta amene ada chifukwa chobwerezabwereza. Ku Mangochi, m'mphepete mwa nyanja mwenimweni, chambo chasanduka cha alendo a ndalama chifukwa chachepa m'madzi. Nkhwani wotendera, chisoso, denje ndi therere m'malo odyera a pamsewu umachita kufunsa, ndipo mwana wogulitsa amakuyang'ana modabwa. Za ukhondo nazo tisazibise. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndipo makhonsolo analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu. Ogulitsa ndiwo analangidwa, chonsecho misika yambiri imene amalipirako chiphaso tsiku ndi tsiku ilibe mpopi wodalirika kapena chimbudzi chabwino.

Kugawana kuja nakonso kwazilala. M'mabasi amakono a pakati pa Blantyre ndi Lilongwe aliyense amatsegula kapaketi kake, maso ali pafoni, ndipo ukamuitana woyandikana naye kuti mudye amakukana ndithu, osati kukana kwa ulemu kodikira kuti uumirire.

M'zaka zaposachedwazi ndaona anthu a m'maofesi ku Lilongwe ndi Blantyre akufola masana pa malo ophika zachikuda. Ena awathamangitsira kumeneko ndi madokotala chifukwa cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ena angotopa ndi mafuta. Amaitanitsa mgaiwa, nkhuku ya lokolo, bonongwe ndi thobwa wa m'botolo, ndipo amalipira mtengo woposa wa tchipisi osadandaula. Ndikufuna amayi ophika pa Jenda, pa Zalewa ndi pa Kamwendo amve zimenezi, chifukwa ambiri a iwo anasiya ndiwo za kwawo poganiza kuti wapaulendo sangazigule. Ine ndikatsika basi pamalo achilendo ndimafunsa makondakitala kumene iwo amadya, ndipo ndikafika ndimayamba ndafunsa chimene eni dera amadya kunyumba kwawo. Nthawi zambiri chimapezeka mu kamphika kakang'ono kuseri, kamene wophikayo anasungira iye ndi ana ake, ndipo amavomera kundigulitsako.