Tsiku limene nyanja idathawa

Aphunzitsi anzanga, ine ndidakulira ku Nkhotakota, ndipo ndinkadziyesa munthu wodziwa nyanja. Kudzitama kumeneku kudathera ku Zanzibar, komwe ndidagona masiku asanu pa hotela ina ya m'mphepete mwa nyanja, pafupi ndi mudzi wa Jambiani. Tidapitako ku msonkhano wa ntchito. Kunena zoona, ndalama za m'thumba mwanga sizikadakwana ngakhale usiku umodzi.

Zanzibar ndi zilumba za dziko la Tanzania, m'nyanja ya mchere ya India. Chilumba chachikulu ndi Unguja, ndipo boti lothamanga limatenga pafupifupi maola awiri kuchokera ku Dar es Salaam. Jambiani ali kum'mawa kwa chilumbachi. Tidafikako kutada. M'chipinda ndidapeza bedi loti n'kugonapo banja lonse, makina oziziritsa mpweya ndi matawulo anayi a ine ndekha. Ndidagona ndikumva mafunde akumenya khoma la hotela.

Kutacha ndidatsegula zenera. Koma abale! Nyanja kunalibe. Pamene padali madzi usiku padangoti mbee, mchenga wokhawokha. Mabwato adali atagona cham'mbali, madzi akuonekera kutali zedi. Mtima udagunda, pakuti ndidakumbukira tsunami wa mu 2004, pamene m'malo ena madzi adayamba abwerera m'mbuyo asadasefukire kumtunda. Komabe palibe yemwe ankathawa. Alendo ankamwa khofi mosatekeseka.

Apa ndivomere kuti ndidachita manyazi kufunsa. Munthu wa imvi, wakunyanja, n'kumafunsa kumene madzi apita? Kenako ndidakumbukira kuti safunsa adadya phula, ndipo ndidaitana mnyamata wina yemwe ankasesa panja. Sadandiseke. Adati, “Mama, musade nkhawa, abwera masana.”

Nkhani yake ndi iyi. Mwezi umakoka madzi a m'nyanja zikuluzikulu, ndipo dzuwa limathandizako. Kaamba ka ichi madzi amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, pafupifupi maola asanu ndi limodzi kukwera, enanso otero kutsika. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, amakwera kwambiri n'kutsikanso kwambiri. Gombe la Jambiani ndi losazama, n'chifukwa chake madzi amathawira kutali. Nyanja yathu ya Malawi imakwera ndi mvula n'kutsika m'chilimwe, koma zothawa m'mawa n'kubwera masana ilibe. Izi ndidaziwerengapo m'mabuku, koma nditaziona ndi maso sindidazizindikire.

Madzi atachoka, alendo ambiri adakasambira m'dziwe la hotela, ena akudandaula kuti nyanja ya pa chithunzi ija sakuiona. Ine ndidavula nsapato n'kulowa mumchengamo. Kutsogolo ndidapeza amayi ambiri atakhala m'madzi ofika m'mawondo, atafunda nsalu zawo zotchedwa kanga. Ndidadziwa pamenepo kuti ndaima m'munda wa eni ake.

Amayiwa amalima ndere za m'nyanja zomwe pa Chiswahili amati mwani. Amakhoma zikhomo mumchenga, kukunga zingwe, n'kumangirirapo timbewu. Pakatha pafupifupi milungu isanu ndi umodzi amakolola, kusenza pamutu, n'kukayanika kumudzi. Ulimiwu udayamba kuchitika ngati malonda mu 1989, ndipo ambiri mwa alimi ake ndi amayi. Mwani wouma amaugulitsa kunja, komwe amapangira zinthu zolimbitsa zakudya ndi mankhwala otsukira mano. Vuto ndi loti madzi osazamawo akutentha kuposa kale, ndipo mtundu wa mwani wa mtengo wabwino umafa.

Chiswahili changa n'choperewera, koma tidamvana. Iwo akati maji, ife timati madzi. Akati mvua, ife mvula. Mayi wina adandipatsa chingwe kuti ndiyese kumanga. Timbewu tanga tidasomphoka tonse, ndipo adaseka mpaka misozi. Patapita nthawi adaloza kutali n'kuyamba kulongedza. Ine sindidaone kanthu, koma iwo adadziwa kuti madzi akubwera. Ndikadakhala ndekha, ndikadabwerera akundifika m'chiuno.

Madzulo ndidakhala pa tebulo lodzaza nsomba, mpunga wonunkhira ndi zipatso zoti sitingazithe. Sindikunamizeni, ndidadya bwino ndipo ndidapumula. Hotela idalemba ntchito ana a m'mudzimo, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma mtima sudakhazikike. Ndidasamba kawiri tsiku limenelo, pomwe kuseri kwa mpanda ndidaona atsikana atandanda ndi zigubu pa mpopi. Kuyambira usiku umenewo ndidagwiritsa ntchito tawulo limodzi, ndipo tsiku lonyamuka ndidagula sopo wa mwani wopangidwa ndi amayi akomweko. N'zochepa, ndikudziwa.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Masiku asanu sangakudziwitseni dziko la eni. Komabe mwayi wogona pamalo otere ukadzakupezani, kaya ku Zanzibar kaya pa chilumba china, musadzangokhala mkati mwa mpanda. Dzavaleni modzilemekeza, pakuti anthu ambiri a ku Zanzibar ndi Asilamu, ndipo dzapempheni musadajambule munthu. Madzi akadzathawa, dzafunseni wosesa uja kuti abwera nthawi yanji, kenako muwatsatire amayi aja.