Mausiku Atatu m'Mudzi wa ku England

Acinyamata anzanga, ambiri a ife tikamva mau akuti "kumudzi" timaganiza za fumbi, kutunga madzi kudambo ndi kulima padzuwa, ndipo ena timapondako pa maliro ndi pa Khrisimasi pokha. Ku England zinthu n'zotembenuka. Munthu wa m'tauni amasunga ndalama miyezi yambiri kuti akagone mausiku atatu kapena sabata imodzi m'kanyumba kakale ka miyala kumudzi. Kanyumbako kakakhala ndi cibafa ca madzi otentha pabwalo, cimene eni ake amacicha hot tub, mtengo umakwera, koma iye amalipira osawiringula.

Alongo anga aakulu ndi namwino ku Sheffield. Pamene ndinakawaona mu Okutobala 2024, ndinapeza kuti iwo ndi anzao anai ocokera kuno kwathu acita cilimba ca miyezi ingapo kuti akapumule m'kanyumba kotere, kuyambira pa Cisanu kufikira pa Mande. Anasonkha mapaundi mazana angapo. Ine ndi amuna a mmodzi wa iwo tinatengedwa monga onyamula zikwama.

Mudziwo uli m'dera la Peak District, ulendo wosakwana ola limodzi pa motoka kucokera ku Sheffield. Derali linakhala paki ya dziko mu 1951, yoyamba m'Britain monse. Musaganize za paki yonga ya Luangwa ai. Mulibe mikango kapena njovu. Muli nkhosa, mapiri obiriwira, mipanda ya miyala yosanjikiza popanda simenti, ndi midzi ya anthu m'kati mwa paki momwemo.

Titafika palibe amene anatilonjera. Kwathu mlendo amaima pabwalo nati "odi", mwana nathamanga kukatenga mpando. Kumeneko tinapeza kabokosi kacitsulo pambali pa citseko, ndipo nambala yotsegulira inabwera pa foni ya alongo anga. M'kabokosimo munali kiyi. Pathebulo panali mkate, mkaka, masamba a tiyi ndi kakhadi kotifunira cisangalalo. Mwini nyumbayo sitinamuone kufikira tsiku lobwerera, ndipo sindidziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi.

Nyumba yake inali ya makoma ocindikala ndi denga lotsika, kotero kuti munthu wamtali ayenera kuwerama podutsa pakhomo. Nyumba zotere sizinamangidwe ndi anthu olemera. Zambiri zinali za anchito a m'mafamu ndi za okumba mtovu m'migodi, pakuti kale derali linali la migodi ya mtovu. Banja la ana ambiri linali kupanikizana m'zipinda ziwiri, madzi nkumatunga kunja. Lero zipinda zomwezo ndizo zimene anthu a ku London ndi Manchester amajambula ndi kutumizirana.

Tsono za cibafa cija. Cinali kuseri kwa nyumba, cokhala ndi civundikiro colemera, ndipo m'kati mwake munali mipando yokwanira anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Cibafa cotere cimalowa malita oposa 1,000. Inu amene munanyamulapo cigubu ca malita 20 pamutu werengani nokha: ndi zigubu makumi asanu, kapena kuposerapo. Magetsi amatenthetsa madziwo usana ndi usiku kuti akhale pa madigiri 37 kapena 38, osapitirira 40. Ukadina batani, madzi amatuluka mwamphamvu m'timabowo ta m'mbali nayamba kukusisita msana. Si posambira ai. Uyenera kuyamba wasamba m'nyumba, ndipo sopo saloledwamo.

Nzeru ya madzi osisita thupi siinayambe monga cosangalatsa anthu a ndalama. Banja la Jacuzzi linacokera ku Italy nkukakhala ku California. Mwana wa Candido Jacuzzi, mmodzi wa a m'banjalo, anadwala nyamakazi yoopsa ali wamng'ono, ndipo atate wakeyo anapanga kapampu koika m'bafa ya panyumba kuti mwanayo azipeza mpumulo. Anayamba kugulitsa kapampuko mu 1956. Cinali cida ca wodwala.

Komatu madzi ofunda amene sayenda ndi munda wa tizilombo. N'cifukwa cake amathiramo klorini kapena bromini, ndipo alendo akacoka amakhuthula madzi onse ndi kuthira ena. Anamwino athu analankhula za matenda a Legionnaires, cibayo coopsa cimene munthu amacitenga popuma nthunzi ya madzi osasamalidwa. Dzinali linabwera mu 1976, pamene asilikali akale a bungwe la American Legion anadwala pa msonkhano wao ku Philadelphia. Pakhoma panali cikwangwani cocenjeza amai apakati ndi ana aang'ono, ndi kuti munthu asakhalitsemo.

Azungu amalowamo pamodzi, amuna ndi akazi, atavala za kusambira nazo. Ife tinagwirizana za cikwathu popanda ndi kukambirana komwe.

"Iwe, upite ukaone mpira ndi alamu ako," anatero alongo anga. "Tikatha tidzakuitanani."

"Musathe madzi onse otentha, mutisiyireko," ndinayankha, onse naseka.

Nthawi yathu itakwana kunali kutada, mphepo ikuluma makutu, koma thupi lonse lili m'madzi ofunda, nthunzi ikukwera kumwamba. Sindingakunamizeni, n'cokoma. Ndipo sindingaseke amene amacifuna. Azimai aja amagwira nchito ya maola khumi ndi awiri ali ciimire, kutembenuza odwala olemera, nthawi zina usiku wokhawokha, kutali ndi amai ao ndi abale ao. Mmodzi anati aka kanali koyamba m'miyezi yambiri kugona osamva msana kuwawa. Pa Ciweru anaphika nsima ndi kapenta wocokera ku Siavonga, naimba mpaka pakati pa usiku.

Cimene cinandikhala pamtima ndinaciona poyenda m'mudzimo. Ndinayamba kuwerenga timabokosi ta makiyi tija. Mu mseu wathu nyumba zambiri zinali nato. Sitolo ya m'mudzi inatsekedwa kale. Kachalichi ka Methodist kanali kadakali ndi mwala wolembedwa caka cimene kanamangidwa, koma m'mazenera munali makatani a maluwa, ndipo kuseri kwake kunali cibafa conga cathu. Pa Sondo tinapita ku chalichi ca Anglican. Tinapezamo okalamba ocepa, ndipo anatiuza kuti wansembe wao amatumikira midzi ingapo, kotero amafika mwa apo ndi apo. Anakondwa nafe kwambiri, mwina cifukwa nyimbo inamveka yamphamvu tsikulo. Wa msinkhu wanga sindinamuonemo.

Masana a tsiku lomwelo tinapita ku Eyam, mudzi wina wapafupi umene uli ndi mbiri yoti wacinyamata aliyense aimve. Mu Sepitembala 1665 mtolo wa nsalu unafika kwa telala wa m'mudzimo kucokera ku London, kumene kunali mliri wa makoswe. George Viccars, amene anamasula mtolowo, ndiye anayamba kumwalira. Mliri utakula mu 1666, wansembe William Mompesson pamodzi ndi Thomas Stanley, mbusa amene anacotsedwa pa mpingo womwewo zaka zingapo m'mbuyomo, anapempha anthu kuti asathawe, kuopa kutengera imfa ku Sheffield ndi midzi ina. Taganizani, atsogoleri awiri osiyana pa ciphunzitso kugwirizana pa cinthu covuta cotere. Anthu anavomera. Cakudya cinali kusiyidwa m'malire a mudzi, cina cotumizidwa ndi Earl wa ku Devonshire wokhala ku Chatsworth. Ndalama zolipirira anali kuziika m'timaenje ta pamwala todzaza viniga, ndipo mwalawo ulipo mpaka lero. Mapemphero anali kucitikira panja, m'cigwa ca Cucklett Delf, banja lililonse litaima patali ndi linzake.

Anthu pafupifupi 260 anamwalira m'miyezi khumi ndi inai. Mu Ogasiti 1666 mai Elizabeth Hancock anaika okha m'manda amuna ao ndi ana asanu ndi mmodzi m'masiku asanu ndi atatu. Mwezi womwewo Catherine, mkazi wa wansembe Mompesson, anamwaliranso. Caka ndi caka, pa Sondo yomaliza ya Ogasiti, anthu amasonkhana m'cigwa cija kuwakumbukira.

Ndinaima pa manda a banja la Hancock, amene ali okha m'munda wozingidwa ndi kampanda ka miyala, ndikuganiza za mudzi umene tinali kugonamo, mtunda wocepa cabe kucokera pamenepo. Anthu a ku Eyam anatha kupangana pangano lija cifukwa anali kudziwana maina, ana ndi mbumba. Nanga mudzi umene okhalamo ake amasintha pa Cisanu ndi pa Mande ungapangane ciani? Nkhalamba ya pa nyumba yoyandikana nafe ikagwa usiku, adzadziwa ndani kuti nyali yake siinayake?

Angelezi eni ake nkhaniyi ikuwavuta. Mliri wa Covid utatseka maulendo a kunja mu 2020 ndi 2021, anthu ambiri anatembenukira ku midzi ya m'dziko mwao, ndipo eni nyumba anaona kuti mlendo wa mausiku ocepa amabweretsa ndalama zoposa za munthu wa lendi ya pamwezi. Vutoli linalipo ndi kale lomwe. Mu 2016 anthu a ku St Ives, tauni ya m'mbali mwa nyanja ku Cornwall, anavota kuti nyumba zatsopano zizigulitsidwa kwa okhalamo caka conse basi. Kuyambira mu Epulo 2025 makhonsolo a ku England analoledwa kulipiritsa msonkho wowirikiza kawiri pa nyumba yaciwiri imene mwini wake sakhalamo, ndipo mwezi womwewo boma linacotsa mwai wapadera wa msonkho umene eni nyumba za alendo anali nao. Koma ena amati popanda alendo mlimi wa nkhosa sangakwanitse, pakuti khola lakale lokonzedwa bwino limamupatsa ndalama imene ubweya sungamupatse. Naonso sanama.

Pa Mande tinayenera kutuluka isanakwane 10 koloko. Tikukweza zikwama, panafika kamotoka kodzaza nsalu za pabedi, ndipo anatsikamo mai wina wa zaka ngati za alongo anga. Alongo anga anawafunsa ngati amakhala pafupi. Anaseka nati anabadwira m'mudzi momwemo, naloza nyumba yacitatu kucokera pa yathu, ya citseko cobiriwira, imene inali ya agogo ao. Iwo amakhala ku Chesterfield, cifukwa nyumba ya m'mudzimo sangaikwanitse, kugula kapena lendi. Anati tsikulo anali ndi nyumba zinai zoti ayeretse alendo ena asanafike pa 4 koloko, ndipo ya citseko cobiriwira inali imodzi mwa izo. Atatero anapita kuseri, natsegula pompi yokhuthulira cibafa.